Ndende Yanga Yomaliza Inali ku Scarborough

"Mwanawe, muno usamaope mkaidi amene akukutukwana. Uziopa amene akukuuza kuti ndiwe munthu wabwino." Anandichenjeza choncho Sajeni Nachuma tsiku limene ndinayamba ntchito ya ndende, akundiponyera mpukutu wa makiyi umene unatsala pang'ono kundithyola chala. Inu ana anga, iwe Tadala ndi adzukulu anga, mumati ndine wovuta, sindikhulupirira munthu. Ndi zoona. Ndikulemba izi kuti mumve kwa ine mwini zimene zinachitika m'nyumba muno, chifukwa zimene mwamva ku tchalitchi zadutsa m'kamwa mwa anthu ambiri ndipo aliyense wathirako mchere wake. Sindikupepesa ayi. Ndikufotokoza.

Zaka za m'ma 1980, ndende ya amayi

Ntchito yanga yoyamba inali ku chigawo cha amayi cha ndende ina ya kumwera kwa Malawi, ndili mtsikana wosakwatiwa, yunifolomu itandikulira ngati ndavala thumba la feteleza. Bwana wamkulu wa ndendeyo anali bambo wamfupi amene ankakonda nsapato zake kuposa anthu. Ankatiyendera akuyang'ana pansi kuti fumbi lisazigwere, ndipo chilichonse chimene tinkapempha yankho lake linali lakuti boma likudziwa. Sopo kunalibe. Bulangete limodzi ankafunda amayi atatu. Nyemba zinali zofumbwa mpaka akaidi ankaseka kuti ndiwo zabwera ndi nyama yake. Unyolo wabwino unali umodzi, ndiye tikamapita ku khoti ndi akaidi awiri tinkamanga dzanja la uyu ku dzanja la uyo, n'kumapemphera kuti asagwirizane. Panalinso amayi ena amene ankabwera nawo opanda mlandu wodziwika, amene sitinkaloledwa ngakhale kuwafunsa kwawo, ndipo pakati pa ife asilikali tomwe panali makutu a anthu ena. Ndinaphunzira kudya ndekha ndi kuseka pang'ono.

Chizungu changa ndinachitolera kumeneko, osati ku sukulu, chifukwa malamulo ndi zigamulo zonse zinkabwera m'Chizungu. Chimene chinkandiwawa chinali pa geti. Mayi wayenda kuchokera kumudzi ndi kamtolo ka chinangwa pamutu kudzazonda mwana wake, msilikali n'kumuponyera liwu limodzi la Chizungu, n'kutseka kawindo. Mayiyo ankakhala pansi pa mtengo mpaka dzuwa kupendeka, osadziwa ngati mwanayo wasamutsidwa, wadwala kapena wafa.

Koma phunziro lalikulu anandipatsa ndi mnzanga Flora, mtsikana wa mtima wofewa ngati papaya lakupsa. Mkaidi wina, atatsala miyezi yochepa kuti atuluke, anamva kuti mwana wake wamwalira pamudzi wapafupi. Anagwira Flora miyendo. "Adona, inu nokha ndi amene muli ndi umunthu muno. Ndikangoponya dothi m'manda ndibwerera." Flora anamusakaniza ndi gulu lokatunga madzi, n'kuyang'ana kumbali. Mayiyo sananame, ankafunadi kubwerera. Koma kumaliro akuluakulu anamuuza kuti mayi wa mwana sachoka pasiwa mwambo usanathe. Apolisi anakamupeza komweko. Khoti linamuwonjezera zaka, Flora anachotsedwa ntchito. Sajeni Nachuma anatisonkhanitsa pabwalo. "Mwaona? Zaka zimenezi sanamupatse ndi woweruza ayi. Wamupatsa ndi Flora ndi mtima wake wabwinowo." Ndinagwira ntchito ya ndende zaka zoposa makumi awiri, m'ndende zitatu, ndipo palibe mkaidi anathawapo m'manja mwanga. Ankanditcha Nachitseko. Sindinkadandaula.

Zaka za m'ma 2000, Markham

Bambo ako atamwalira, iwe Tadala unanditumizira tikiti ya ndege kuti ndibwere kunja kuno ndidzalere ana uku iwe uli pa ntchito ya unamwino. Ndinalera. Anakula, anayamba kundiyankha m'Chizungu, ndikati "mwadzuka bwanji" iwo "fine, Gogo" maso ali pa foni. Ndinaona kuti ndikakhala m'nyumba ya mpongozi ndisanduka mpando. Ndinachita kosi yosamalira okalamba, ndinapeza kanyumba kanga ka pa nsanjika ku Scarborough, ndipo ndinalembedwa ntchito pa nyumba ina yosungirako okalamba ku Markham, ulendo wa mabasi awiri.

Anandiika pa nsanjika ya okalamba amene mitu inasokonekera, kumene chitseko chimatsegulidwa ndi manambala. Tsiku loyamba ndinaseka ndekha. Ndawoloka nyanja zonsezo kudzapezanso chitseko. Supavaiza wathu, Doreen, ankatitchula tonse kuti sweetheart, ndipo akayamba ndi sweetheart ndinkadziwa kuti shifiti ya Lamlungu yandigwera. Antchito sankakwana chaka ndi chaka. Munthu mmodzi kusambitsa, kuveka ndi kudyetsa khonde lonse, magolovesi akutha pakati pa sabata. Nthawi ya mliri ija tinatsekeredwa nawo okalambawo, ana awo akuwabayibitsa ali panja pa windo. Ndinagwira ntchito yanga, ndinadya ndekha, ndipo sindinauze munthu za kwathu kupatula mtsikana mmodzi wa ku Philippines amene ndinamuuza mwangozi kuti ndinali msilikali wa ndende. Pofika Lachisanu nyumba yonse inali itadziwa.

Chaka changa chomaliza pa ntchito

Kuchipinda chochapira, pansi penipeni pa nyumbayo, kunkagwira ntchito mayi wina wa ku Korea, Mayi Han, wamasiye, wocheperako msinkhu kwa ine. Zaka zonsezo tinkangogwedezerana mitu. Tsiku lina nditatsika ndi mashiti a pabedi ndinamupeza atakhala pa dengu, makina akuzungulira, misozi ikutsika popanda phokoso. Ndinafuna kubwerera, za eni n'za eni. Koma anandigwira mkono. Tinkayankhulana m'Chizungu chothyoka, iye chake ine changa, koma pano ndilemba m'chathu.

"Akuti munali wa ndende. Lockdown ndi chiyani?"

"Wamva kuti liwu limeneli?"

Anandiuza. Mwana wake wamwamuna, Dongsu, wa zaka za m'ma sate, wokonza mafiriji, anamenya mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake, mpaka kumuthyola nsagwada. Onse ankakhala nyumba imodzi, ya Mayi Han. Tsopano Dongsu anali m'ndende ina kupitirira ku Brampton. Mayiyu anakwera basi, sitima, basi ina, pa tsiku lake lopuma, ndipo pa windo anangomuuza kuti lockdown, n'kutsitsa katani. Foni yake inamutanthauzira liwulo m'Chikoreya, koma foni siyikuuza ngati mwana wako ali moyo.

Sindine mphunzitsi. Ndinamugwira paphewa, ndinamukankhira m'kachipinda ka matawulo, n'kutseka chitseko, n'kuchitsamira.

"Gogoda."

Anagogoda.

"Sinditsegula. Sunalakwe kanthu. Mwina alonda achepa lero, mwina ena amenyana ku chigawo china. Aliyense akhala m'selo yake, alendo abwerere kwawo. Imeneyo ndiyo lockdown. Mwana wako sanafe, wangotopa ndi kugona."

Nditatsegula anali akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Kuyambira tsiku limenelo nthawi ya chakudya chamasana ndinkatsikira kwa iye. Ndinayamba ndi funso loti azifunsa pa foni asanawononge tsiku m'mabasi: Is there a lockdown today? Analibwereza mpaka makina ochapira analoweza. Ife Achewa ndi Akoreya tili ndi matenda amodzi, l ndi r timaziponya paliponse, ndiye wina akamakonza mnzake zinali ngati akhungu awiri akulozerana njira. Remand inamupepuza kwambiri, chifukwa iye ankayesa kuti mwanayo waweruzidwa kale. Ndinatenga pilo n'kuyiika pakati pa dengu la zochapa ndi dengu la zoyera. "Ali apa. Sanamupeze wolakwa, sanamumasule. Kwathu timati ali pa rimandi. Usalire maliro munthu akupuma." Segregation ndinamuonetsa ndi sokosi imodzi, ndinayichotsa pa mulu n'kuyiponya yokha m'ndowa n'kuvundikira. Anayang'ana ndowayo nthawi yaitali, kenako anakatulutsa sokosiyo. Cell, guard, visit, sentence, parole, tinadutsa monsemo. Iye ankandipatsa liwu la kwawo pa liwu lililonse, ine n'kuliiwala ndisanafike pa chikepe. Limodzi lokha ndinasunga, chifukwa anayamba kunditchula nalo: Onni, ndiye kuti achemwali aakulu.

Kenako tinafika pa bail ndi surety. Belo ankaidziwa pang'ono. Surety ndinamufotokozera monga loya wa Dongsu anamuuzira mothamanga: munthu amene aimirira pamaso pa khoti n'kulonjeza kuti womangidwayo azikhala kwa iye, amuyang'anira, ndipo akaphwanya lamulo ngakhale limodzi, iye mwini aimbira apolisi. Kuphwanyako ndiye breach, ndipo breach ndi mlandu watsopano, munthu amabwerera m'selo. Mayi Han sakanatha kukhala surety chifukwa womenyedwayo ankakhala m'nyumba mwake.

"Pita ku tchalitchi kwanu," ndinatero. "Akoreya mwadzaza Markham yense."

"Sadziwa. Ndinawauza kuti Dongsu ali ku ntchito kutali. Akadziwa, mlongo wake sadzayendanso ndi nkhope."

Anapinda thawulo limodzi kawiri. Ndinadziwa chimene chikubwera.

"Onni, inu ndinu munthu wabwino."

"Ubwerezenso mawu amenewo, ndikwera pamwamba ndipo sudzandionanso."

Sindinavomere. Ndinati ndikamuone kaye. Tinaimba foni, kunalibe lockdown, tinapita. Kuseri kwa galasi kunabwera mwamuna wamapewa aakulu, maso ofiira. Amayi ake atamuuza za ine, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pamene galasi linathera.

"Ndinam'menyadi," anatero. "Ankakankha mlongo wanga. Ndipo sindikufuna kukakhala kwa nkhalamba yachilendo."

Za mlongo wakezo sindikudziwa ngati zinali zoona, mpaka lero. Aliyense m'ndende ali ndi nkhani yake yokoma. Koma sanandinyengerere, sananditche mayi, sanamwetulire. M'basi pobwerera ndinauza Mayi Han kuti ndavomera.

Iwe Tadala ukukumbukira zimene unanena pa foni. "Amayi, muli serious? Mwasaina chiyani? Munthu wa violence, simukumudziwa, mukugona naye nyumba imodzi? Akakupwetekani ndiye tidzati chiyani?" Ndinakuyankha kuti ndagonapo khonde limodzi ndi amayi opha amuna awo ndi nkhwangwa, iwe uli kumsana. Unadula foni. Khoti linandifunsa mafunso ambiri, ndinayankha, linavomera, koma ndi malamulo olimba: Dongsu asatuluke m'nyumba mwanga pokhapokha ali ndi ine, asayandikire nyumba ya amayi ake, asayankhule ndi mlamu wakeyo. Amati house arrest. Ndinapita kwa Doreen kukapempha kuti andichepetsere mashifiti. "Oh, sweetheart," anayamba. Sindinadikire kuti amalize. Ndinavula kakhadi ka pakhosi n'kukaika pa desiki pake. Ntchito yosamalira okalamba inathera pamenepo, popanda keke.

Winta wa chaka chomwecho

Ndinamupatsa chipinda chaching'ono. Mipeni ndinasamutsira kuchipinda kwanga. Ankadzuka nthawi imene ine ndadzuka, ankakolopa, ankatsuka mbale, tinkapita limodzi kogula zinthu iye akukankha ngolo ine ndili pambuyo. Anandikonzera firiji imene inkalira ngati ng'ombe. Sindinamuyamikire kwambiri, angazolowere. Amayi ake ankabwera Loweruka ndi zakudya zawo zonunkhira adyo mpaka khonde lonse linadziwa kuti kwa agogo a ku Malawi kwabwera alendo. Apolisi anabwera kangapo kudzagogoda kuti aone ngati alipo. Analipo.

Vuto linabwera chipale chili m'maondo. Loweruka lina Mayi Han sanavule ngakhale jekete. Anagwada pa kapeti yanga.

"Onni, sabata yamawa ndi tsiku limene bambo ake anamwalira. Kwathu timayala tebulo la chakudya, mwana wamwamuna amathira chakumwa n'kugwadira bambo ake. Ndi iye yekha mwana wamwamuna. Chiyambire sanaphonyepo. Mlamu wake adzakhala ku ntchito, ndafunsa kale. Ola limodzi lokha. Inu mudzabwere naye, palibe adzadziwe."

"Khoti linati asayandikire nyumba imeneyo. Silinati pokhapokha mlamu akachokapo."

"Bambo ake adzabwera, adzapeza palibe mwana. Adzabwerera ndi njala."

"Akufa ali ndi nthawi yambiri. Adikira."

Ndinaona nkhope yake ikuuma. Anadzuka. Anayankhula ndi mwana wake m'Chikoreya, mawu othamanga, ndipo sindinafunike womasulira. Potuluka sananditche Onni.

Masiku otsatirawo Dongsu sanadye bwino. Ankayang'ana nthawi za mabasi pa foni, akayesa kuti sindikuona. Ine ndinaona. Akoreya amasiya nsapato pakhomo, zonse pamzere. M'mawa wa tsiku lenilenilo, iye ali m'bafa, ndinatola nsapato zake zonse, majombo a chipale, zamasewera, ngakhale patapata, ndinaziponya m'kabati ya kuchipinda kwanga, ndinakhoma, kiyi n'kumumangirira pa mpango m'chiuno. Ndinakokera mpando pa chitseko n'kukhalapo, foni ili pamwendo.

Anatuluka atavala suti yakuda. Anayang'ana pansi pamene pankakhala nsapato.

"Zili kuti?"

"Zamangidwa. Zili pa rimandi."

Sanaseke. Anayandikira mpaka mthunzi wake unandiphimba. Ndinaona zibakera zimene zinathyola nsagwada ya munthu zikufumbatika.

"Chokanipo. Si bambo anu."

"Si bambo anga. Ukhoza kundinyamula ndi mpando womwe, ndine wopepuka. Ukhoza kutsika ndi masokosi pa chipale. Koma usanafike pa chikepe ndikhala nditaimba, ndipo madzulo ano ukagona m'selo ndi mlandu wachiwiri pamutu. Amayi ako ndinawaphunzitsa kale liwu lake. Ukufuna akaligwiritse ntchito?"

Ananditukwana m'zinenero ziwiri. Anamenya khoma ndi chikhatho, chithunzi cha ubatizo wa adzukulu anga chinagwa. Kenako anakhala pansi pomwepo, mu suti yakeyo, n'kubisa nkhope m'maondo. Mwamuna wamkulu kulira ngati mwana wosiyidwa pa msika. Ndinamusiya alire. Chitseko sichinatsegulidwe.

Ndili pampando pomwepo ndinaganiza. Khoti linaletsa mwana kupita ku nyumba ija. Silinaletse bambo ake kubwera kuno. Ndinaimbira Mayi Han.

"Amuna akowo amadziwa kukwera basi?"

"Chiyani?"

"Anachoka ku Korea n'kukupezani ku Markham. Scarborough angasochere? Bweretsa tebulo lakolo kuno."

Kenako anati, "Inu ndinu Mkhristu."

"Iwenso umapita ku tchalitchi. Fulumira, chipale chikuwonjezeka."

Musaganize kuti zinali zopepuka. Ndine mayi wa chigwirizano cha amayi a mpingo, yunifolomu yanga yoyera ili m'kabati. Kwathu agogo anga ankathira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo, ndipo amayi anga atabatizidwa anazisiya zonsezo ndi kulumbira. Ndinadziwa chimene ndikulowetsa m'nyumba. Ndinayeza mbali ziwiri: tebulo la chakudya pabalaza panga madzulo amodzi, kapena mwana wa munthu kubwerera m'selo. Mulungu amene ndimamudziwa ine anakhalapo pa rimandi usiku umodzi asanamupachike. Ndinati adzandifunsa yekha, osati kudzera mwa anthu.

Anafika ndi takisi dzuwa likulowa, ndi mabokosi. Anayala katebulo kafupi pafupi ndi khoma. Chithunzi cha malemuwo, bambo wa magalasi wooneka wosaseka, makandulo awiri, mpunga, msuzi, nsomba, nyama, maapozi ndi mapeyala odulidwa pamwamba, chilichonse pamalo pake, akusuntha mbale imodzi kangapo mpaka itakhala bwino. Ndinatulutsa nsapato imodzi yokha ya suti kuti Dongsu aipukute, inzake ndinasunga. Kenako Dongsu anayatsa lubani, ndipo Mayi Han anapita kukatsegula chitseko cha panja.

"Iwe! Ukutani?"

"Chiyenera kukhala chotsegula pang'ono. Alowera pati?"

Ine Nachitseko, amene ndimakhoma maloko awiri ndi tcheni ngakhale potaya zinyalala. Ndinayang'ana mayiyo, ndinayang'ana mwana wake. Ndinati chabwino, koma pakhomopo ndiimapo ine. Wakufa adutse pambali panga, wamoyo sadutsa. Ndinaima pamenepo manja m'chiuno, theka m'nyumba theka m'khonde. Dongsu anathira chakumwa m'kakapu, anakazunguliza pa utsi wa lubani, anagwada mpaka chipumi kugunda kapeti, anadzuka, anagwadanso. Amayi ake anaimika supuni mu mpunga. M'nyumba munali zii.

Ndi nthawi imeneyo pamene chikepe chinatseguka, n'kutulukamo iwe Tadala ndi Mayi Zulu a ku Brampton, mkulu wa amayi a mpingo wathu, wochokera ku Chipata. Munabwera kudzaona ngati ndikadali moyo. Chitseko chikanakhala chotseka mukanagogoda, ndikanatuluka, tikanayankhulira m'khonde. Koma chinali chotsegula, ndipo munaona zonse kudutsa paphewa panga.

"Amai Nabanda, ni vichani ivi?" anatero Mayi Zulu, dzanja lili pachifuwa. "Mafano mu nyumba ya mzimai wa chigwirizano? Vimakandulo, vithunzi! Mwagulitsa moyo wanu kwa anthu aba?"

"Tsitsani mawu, Mayi Zulu, muli anthu akupemphera muno."

"Kupemphera kwa ndani? Tiyeni tilowe tigwetse tebulo iyo m'dzina la Yesu!"

Anaponya phazi. Ndinatambasula mkono n'kugwira mphuthu ya chitseko.

"Lero muno ndi lockdown. Alendo abwerere kwawo."

Iwe unati, "Amayi, please, mukutichititsa manyazi." Ndinakufunsa kuti manyazi pamaso pa yani. Munabwerera m'chikepe momwe munatulukamo. Kumbuyo kwanga Dongsu anali akadali chigwadire, sanadzutse mutu ngakhale kamodzi. Atamaliza anazimitsa makandulo, ndinakhoma chitseko changa, ndipo anandipatsa mbale ya chakudya cha patebulopo, akuti onse a m'nyumba amadya. Ndinadya peyala. Linali peyala basi.

Mlandu unatha chilimwe chitayamba. Dongsu anavomera kulakwa. Loya wake anauza khoti kuti miyezi yonseyo sanaphwanye lamulo ngakhale limodzi, ndipo woweruza anagamula kuti chilango chake agwirire kunja, akuyang'aniridwa ndi a boma, osabwereranso m'ndende. Tsiku lochoka, amayi ake anamuimika pakhomo panga n'kumudyetsa chigumu choyera cha soya, chimene kwawo amadyetsa munthu pa geti la ndende akamatuluka. Ndinati, "Ndiye kuti nyumba yanga ndi ndende?" Mayi Han anati, "Eya, Onni. Yoopsa kwambiri." Dongsu anandiweramira mpaka m'chiuno. Sananene kuti ndine munthu wabwino. Anati firiji ikayambanso kulira ndisaitane munthu wina, angandibere.

Lero

Chilango chitatha anapeza ntchito kumadzulo kwenikweni kwa dziko lino, kutsidya kwa mapiri, ndipo anatenga amayi ake. Amaimba foni, koma foni siyikutsegulira botolo la mankhwala. Ku chigwirizano anandiitana kuti ndikalape pamaso pa amayi. Ndinawauza kuti ndikalapa tsiku limene adzandionetse mmodzi mwa iwo amene anakazondapo mkaidi chifikireni m'dziko lino. Sanandiitanenso, ndipo amene ankabwera Lachinayi kudzapemphera nane anasiya. Ndamva kuti akuti m'nyumba muno muli mizimu, ndi kuti n'chifukwa chake adzukulu anga sagonanso kuno.

Maondo anga atha. Mwezi wathawu ndinaterereka m'bafa, ndinakhala pansi nthawi yaitali ndisanathe kudzikoka, ndipo palibe anadziwa. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni, ndiponso musayerekeze kunditengera ku nyumba ya okalamba, manambala a zitseko zawo ndimawadziwa. Zikanati zibwerenso, ndikanabisanso nsapato zija, ndikanaitananso tebulo lija.

Za mizimuzo, mvetserani. Bambo Han ngati anabweradi, anadya, anaona mwana wawo, anapita. Sanasochere, sanachedwe, ndipo anachokera kutali kuposa inu. Iwe Tadala uli ndi galimoto. Adzukulu anga basi mumaidziwa. Bwerani mudzandizonde, ngakhale Loweruka lokha, mudzaone ngati nyali yanga ikuyaka. Mukafika mugogode mwamphamvu, makutu ayamba kundithawa, ndipo mutchule dzina lanu. Ndidzatsegula.